Mahotela a ku Disney World: akukonza kapena akungochotsa zinthu?

Nachisale_Indy
Abale anga a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Takhala tikusunga ndalama kuti chaka chamawa sukulu zikatsekera tipite ndi ana ku Disney World ku Florida. Amayi ali kuno akutithandiza kulera wamng'onoyu, ndiye tikufuna tipite nawo. Ine mtima unali poti tikagone mu hotela ya mkati momwemo. Koma ndakhala ndikuwerenga zomwe akulemba anthu amene amapitako chaka ndi chaka, ndipo ambiri ndi okhumudwa. Akuti zipinda akazikonzanso zikumangofanana ndi za hotela ina iliyonse, malo odyera asintha, ndipo ku hotela ya Grand Floridian pa Khrisimasi ya 2025 kunalibe nyumba ija ya mabisiketi a jinja chifukwa chokonza polandirira alendo. Mitengo yokha ndiye sikubwerera m'mbuyo. Amene munapitako kale komanso posachedwapa, madandaulo amenewa ndi oona? Tilipire za mkatimo kapena tigone kunja tizingolowa m'mawa?

KabazaWaLeeds
Poyamba mutiuze thumba lanu likufika pati. Mahotela a mkatimo ali m'magulu atatu, otsika mtengo, apakatikati ndi apamwamba. Amene akulira kwambiri ndi ogona m'apamwambawo.

MalumeWaKissimmee
Achemwali, ine ndimakhala kufupi ndi kumeneko ndipo alendo akabwera ndine ndimawaperekeza, ndiye ndinaona zisanasinthe komanso zitasintha. Anthuwo sakunama ayi. Tengani Polynesian, imodzi mwa mahotela amene anatsegulidwa limodzi ndi pakiyo mu 1971. Kale ukangolowa pakhomo unkakumana ndi mathithi mkati mwa nyumba, miyala, zomera zobiriwira, madzi ali wawawa, mpweya wake wachinyontho. Ana ankaima pomwepo osafunanso kupita kuchipinda. Mu 2014 anagumula zonsezo n'kuikapo mipando ndi chiboliboli chimodzi. Cha kumbali kunali bwalo la magule a ku zilumba za Pacific, ankati Spirit of Aloha, inu mukudya iwo akuvina ndi miuni yamoto. Anaimitsa mu Malichi 2020 nthawi ya Covid, osabwezeretsanso, ndipo pamalopo pano paima nyumba yosanja yotchedwa Island Tower yomwe anatsegula mu Disembala 2024.

Ku Grand Floridian kunali bandi yomwe inkaimba pakhonde lam'mwamba madzulo, kuyambira pomwe hotelayo inatsegulidwa mu 1988 mpaka mu 2020 pomwe anaithetsa. Sunkafunika tikiti kapena kukhala wogona pomwepo. Unkangokhala pampando n'kumamvera, nkhalamba zina zikuvina ziwiriziwiri pansipo. Mayi anga omwe anamwalira ankakonda kukhala pamenepo kuposa kukwera chilichonse cha m'paki. Ndiye mukamva anthu akudandaula, nkhani si penti kapena makatani. Zomwe zikuchoka ndi zija zinkachitidwa ndi anthu amoyo, ndipo zomwe zikubwera m'malo mwake nthawi zambiri ndi zogulitsa. Polandirira alendo pomwe mukunenapo, mu 2025 anayamba kumangapo bala.

JoniBoy
Izi ndi nkhani za anthu okhuta. Kumudzi anthu akugona pamzere wa mafuta, ife tili pano kulira bandi?

Nachisale_Indy
A JoniBoy, kumudzi timatumiza mwezi ndi mwezi ngati wina aliyense pagulu pano. Ndalama iyi ndi ya ma shift ausiku, ndipo ndikufunsa chifukwa sindikufuna kuiwononga.

Nangozo
Ndiyankhuleko ngati munthu amene ndimakonza zipinda mu hotela ina kuno, si ya Disney, koma ntchito yake ndi yomweyo. Chimene anthu akudandaula kwambiri pa zipinda zatsopanozi ndi choti anachotsa makapeti, anachotsa zofunda zamaluwamaluwa zija, chipinda chikuoneka choyera mbee ngati chopanda mwini. Abale, mukanaona zomwe zimatuluka mu kapeti tikamaichapa ndi makina simukanaifunanso. Mwana amasanza usiku, wina amataya juwisi, ena amachokera kosambira mapazi ali chonyowa, ndipo ku Florida ndi kwachinyontho, kapeti siuma msanga. Pansi posalala ndimakolopa kamodzi, pauma, mlendo wina walowa. Zofunda zochindikala zamitundumitundu zija m'mahotela ambiri sizinkachapidwa mlendo aliyense akachoka. Zoyerazi zimachapidwa, chifukwa banga silibisika. Bedi analikweza kuti masutikesi azilowa pansi. Ku hotela ya Disney ya Pop Century bedi lachiwiri limapindidwa kukhoma, masana limakhala tebulo. Banja la ana awiri limapeza podutsa.

Zili ngati adzukulu a m'tauni amene amadandaula kuti agogo achotsa denga laudzu aika malata, mudzi sukuonekanso ngati mudzi. Amene ankamweta udzu ndi kufolera chaka ndi chaka ndi agogowo. Pa zipinda ine ndili mbali ya okonzawo.

MalumeWaKissimmee
Mayi Nangozo, pa kapeti sindikutsutsani. Koma ukhondo sukakamiza munthu kuchotsa oimba.

Nangozo
Pamenepo tikugwirizana, Malume. Oimbawo ndi antchito anzathu, ntchito zawo zinatha. Inenso zimandiwawa. Ndimangofuna tisaphatikize zinthu ziwirizi.

Chembere_wa_Dallas
Ine changa ndi chakudya. Ku Polynesian komweko kuli malo odyera otchedwa 'Ohana. Mu 2021 pomwe ankati atsegulenso anatulutsa mndandanda wa zakudya ulibe ma noodles awo otchuka aja. Anthu anachita phokoso pa intaneti mpaka kampani inawabwezeretsa. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti okonda malowa si ongolira chabe, nthawi zina amamvedwa. Koma onani chomwe chinabwerera: ma noodles, chinthu chotchipa. Kale nyama ankabwera nayo patebulo ili pa zitsulo zowotchera, woperekera n'kumakusololera m'mbale mpaka utanena wekha kuti basi. Pano imabwera yoika kale m'mbale imodzi. Kukoma ikukomabe, ndipo pudding yawo ya buledi yothira caramel ija ikadalipo, koma chisangalalo cha ana chinali pa kuona munthu uja akubwera ndi chitsulo chikufuka utsi.

NesiWaUsiku
Chomwe anthu ambiri akukwiya nacho pa zakudya ndi mtengo umodzi wokakamiza. Ku malo odyera a California Grill, pamwamba pa hotela ya Contemporary, kale unkatha kuitanitsa mbale imodzi yokha n'kuonerera makombola a ku paki ya Magic Kingdom uli pakhonde. Kuyambira mu Okutobala 2021 aliyense amalipira mtengo umodzi wa zakudya zitatu zotsatizana, kaya uli ndi njala kaya ayi. Kwa banja lathu lachimalawi, lomwe agogo amangolawa pang'ono n'kunena kuti akhuta, imeneyo ndi ndalama yotaya.

KabazaWaLeeds
Koma nanunso taganizirani mwini malo. Tebulo lili pawindo, anthu anayi akhalapo maola awiri atagula keke imodzi kudikira makombola, pamene ena ofuna kudya zenizeni akusowa malo. Woperekera zakudya kumeneko amadalira ndalama yothokoza ija, yomwe imayendera kukula kwa bilu. Mukanakhala inu mukanatani?

NesiWaUsiku
Ndikanaika malire a ndalama yochepetsetsa pa tebulo, osati kuuza munthu kuti adye katatu.

Chembere_wa_Dallas
Ndipo musaiwale, a Nachisale, kuti kumeneko mwana wa zaka 10 amalipira ngati wamkulu, pa tikiti komanso pa buffet. Mtengo wa ana ndi wa zaka 3 mpaka 9. Wosakwana zaka 3 salipira. Ana anu ali ndi zaka zingati?

Nachisale_Indy
Wamkulu 11, wachiwiri 7, wamng'onoyu sanakwane ziwiri.

Chembere_wa_Dallas
Ndiye muwerengere akuluakulu anayi, mwana mmodzi. Malo a mtengo umodziwo musankhe amodzi okha ulendo wonse, kwinako muzigula zapakauntala.

WaKuChipata
Pepani ndipatuke pang'ono. Amayi anu ali kale kuno, muli ndi mwayi. Amene mukuganiza zoitana makolo kuchokera ku Malawi kapena kwathu ku Zambia, dziwani kuti mu Ogasiti 2025 ofuna visa yodzacheza ku America anayamba kufunsidwa chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Lamulo lake linali loti ndalamayo amaibweza munthu akatuluka m'dziko muno nthawi yake isanathe, koma uyambe waipeza kaye. Maiko athu awiriwa ndi amene anayambira.

JoniBoy
Ndi chifukwa chake ndikuti ndalama imeneyo kwerani nayo ndege mupite ndi ana kumudzi. Ku Liwonde akaona njovu ndi mvuu zenizeni ali pa boti mu Shire. Ku Majete kuli ndi nyamalikiti zomwe, anabweretsako mu 2018. Kenako Mangochi, chambo chootcha, agogo ali pomwepo. Ana obadwira kunjawa akufunika zimenezo kuposa mbewa yovala kabudula.

Nachisale_Indy
Kumudzi tinapita nawo chaka chatha ndipo tidzapitanso. Matikiti a ndege a anthu asanu kupita ku Lilongwe nthawi ya holide mukuwadziwa mtengo wake. Ku Florida tiyendetsa galimoto.

Mlamu_wa_Rustenburg
Achimwene a JoniBoy, inu muli ku Joni, malo achisangalalo a Sun City ali pamphuno panu. Pitani Loweruka lina mukaone mabanja a anthu akuda atadzaza ku malo osambira a Valley of Waves, ena mwa iwo Amalawi anzathu ogwira ntchito m'migodi ndi m'nyumba za anthu. Munthu wogwira ntchito yolemetsa nayenso amafuna tsiku limodzi loona mwana wake akukuwa ndi chimwemwe. Ndipo kunonso mkangano wake ndi womwewu. Hotela ya kumeneko ya The Palace of the Lost City inatsegulidwa mu 1992, ndiye pali anthu amene anapitako ali ana, pano akupita ndi ana awo. Akangosintha kanthu kamodzi amamva ngati awalanda ubwana wawo.

Woyang'anira_Gulu
Tiyeni tibwerere ku funso la achemwali. Za visa titsegule nkhani yake payokha, ndi yofunika.

Mphunzitsi_Atlanta
Ndifotokozeko chomwe ndikuona kuti chikuyendetsa zonsezi, chifukwa mukachimvetsa simudabwanso. Island Tower yomwe a Malume atchula ndi ya Disney Vacation Club. Mmenemo munthu sumangolipira usiku umene wagona. Umagula mapointi, umasaina pangano la zaka makumi angapo, umapereka ndalama yambiri poyamba, ndipo chaka chilichonse umalipiranso ya chisamaliro cha nyumbayo. Kwa kampani, imeneyo ndi ndalama yobwera msanga komanso mlendo wotsimikizika wa zaka zambiri. Bwalo la magule limafuna ovina, ophika, oimba ng'oma, kulipidwa sabata ndi sabata, ndipo kukachita mphepo yamkuntho kapena kuzizira kwambiri masewero amalephereka. Malo a m'mbali mwa nyanja pafupi ndi Magic Kingdom ndi ochepa. Mukaika ziwirizi pa sikelo mukudziwa chomwe chipambane.

Chachiwiri ndi anthu a m'mafilimu. Mu 2021 zipinda za Polynesian anazikongoletsa ndi za Moana, za Contemporary ndi za The Incredibles. Okonda zakale akuti Contemporary inali ndi khalidwe lakelake, sitima ya monorail ikudutsa mkati mwa nyumba, chithunzi chachikulu cha matailosi cha Mary Blair chili pakhoma, sinkafunika zidole. Koma filimu imagulitsa zovala, zoseweretsa ndi zina zambiri, pamene mathithi sagulitsa kanthu. Ine mbali yanga ndi ya odandaulawo, chifukwa hotela ikamangokumbutsa filimu imasiya kukutengera kumalo ena. Komabe ndinaona ndi maso anga kamtsikana kakulowa m'chipinda cha ku Polynesian n'kuzindikira zojambula zapakhoma, kudumphadumpha osagwirika. Kameneko mathithi sikanawaonepo, ndipo sikakuwasowa.

KabazaWaLeeds
Ku Disneyland ya ku Paris ndi chimodzimodzi. Hotel New York anaisandutsa ya Marvel mu 2021, ndipo Disneyland Hotel itatsegulidwanso mu Januwale 2024 inali ya mafumu ndi ana aakazi a mafumu a m'mafilimu. Azungu akuluakulu anang'ung'udza, ana athu a kuno ku UK akulimbirana kupitako.

MalumeWaKissimmee
Aphunzitsi mwalongosola bwino, koma mawu oti mwana sakusowa chomwe sanachione akundivuta. Ndi choncho, inde. Koma ndiye kuti chilichonse mukhoza kuchotsa, bola mudikire m'badwo wina.

Mphunzitsi_Atlanta
Zoona, Malume. Sindikuti ndi chilungamo. Ndikungoyankha funso la a Nachisale, amene ana awo akupita koyamba.

NesiWaUsiku
Tiwerengenso zomwe zinkabwera ndi chipinda. Kunali basi yaulere yochokera ku bwalo la ndege la Orlando, Magical Express, inatha kumayambiriro kwa 2022. Maola owonjezera a ogona mkati anawasintha, pano aliyense wogona mkati amalowa m'paki mphindi 30 ena asanalowe, ndipo maola ausiku anatsalira a mahotela apamwamba. M'otsika mtengo ndi apakatikati chipinda sakonza tsiku lililonse, amadumphitsa tsiku.

Nangozo
Kudumphitsa tsikuko kwa ife okonza si mpumulo ayi. Chipinda cha ana atatu chikakhala masiku awiri, zinyalala zake zimakhala za masiku awiri, koma mphindi zomwe umapatsidwa sizichuluka. Mukamapita muzimanga zinyalala m'jumbo, matawulo onyowa muziunjika pamodzi m'bafa. Zimatithandiza kwambiri.

KabazaWaLeeds
A Nesi, tchulaninso zomwe zinabwerera. Ndalama yoimikira galimoto usiku pa hotela, yomwe anayamba kulipiritsa mu 2018, anaichotsa mu Januwale 2023. Kwa a Nachisale amene ayendetse galimoto imeneyo ndi nkhani yabwino, ndipo wogona mkati salipiranso poimika galimoto kumapaki. Dining plan, njira yolipiriratu zakudya za ulendo wonse, inabwerera mu Januwale 2024. Skyliner, tingolo tam'mwamba tija, kale kunalibe, tinayamba mu 2019, ndipo timadutsa pa Pop Century pomwe pali potchipa.

NesiWaUsiku
Kubweza chomwe unalanda si mphatso.

Chembere_wa_Dallas
Nanga za ku BoardWalk, hotela ya m'mbali mwa nyanja yokhala ndi masitolo ndi malo odyera? Pomwe panali ESPN Club, malo oonera mpira ukudya zotchipa, pano pali Cake Bake Shop. Itatsegulidwa mu 2024 anthu anaona mtengo wa chidutswa chimodzi cha keke ukupitirira madola 20, nkhani inali yomweyo sabata yonse. Jellyrolls, malo a oimba piyano awiri opikisana aja, anatseka mu Epulo 2025. Mukuona, Malume, ndi zomwe munanena zija, oimba akutuluka.

Mwana_wa_Mlowoka
Palibe amene watchula Animal Kingdom Lodge, pomwe kwa banja ngati la a Nachisale ndi yomwe ndingaloze. Inatsegulidwa mu 2001 ndipo polandirira alendo pake sanapavule ulemerero: denga lalitali looneka ngati lofolera ndi udzu, nyale zopangidwa ngati zishango, zosemasema za ku Africa kuno ndi uko, ndipo kuseri kwa galasi lalikulu mbidzi ndi nyamalikiti zikudya. Kuli achinyamata ochokera m'maiko a ku Africa amene amabwera kudzagwira ntchito kwa chaka, pa baji pawo palembedwa kwawo. Pulogalamu yobweretsa antchito a m'maiko enayi inaima mu 2020 n'kuyambiranso mu 2022, ndipo nthawi yomwe kunalibe, okonda hotelayi ankanena poyera kuti nyumba ilipo koma mtima wake palibe. Ichi ndi chimodzi mwa zochepa za anthu amoyo zomwe zinabwerera.

Ine ndinapitako ndi apongozi anga. Tili pakhonde loonera nyama madzulo, anaona mtsikana wina wovala yunifolomu pa baji pake palembedwa Zimbabwe. Apongoziwo anakulira ku Bulawayo, bambo awo ankagwira ntchito kumeneko. Anamupatsa moni m'Chindebele, mtsikana uja anagwira pakamwa, kenako anayamba kucheza mpaka ife tinakakhala pansi kuwadikira. Ku malo odyera otchedwa Boma, omwe ndi buffet, kumapezeka pap ndi chakalaka komanso bobotie. Pap yake ndi yofewa kuposa nsima yathu, koma munthu wamkulu amene watopa ndi mabaga amapumirako.

JoniBoy
Kuuluka ulendo wonsewo kukadya pap ku America.

Mwana_wa_Mlowoka
Amayi awo a Nachisale akhala ku Indiana miyezi yambiri akulera mdzukulu. Kumva chilankhulo cha kufupi ndi kwawo pamalo ngati amenewo si chinthu chaching'ono kwa iwo.

MalumeWaKissimmee
Ndikuvomereza za Animal Kingdom Lodge, koma adziwe kuti ili patali ndi Magic Kingdom ndipo kulibe monorail, boti kapena Skyliner. Ndi mabasi okhaokha, kapena galimoto yanu. Chipinda choyang'ana kwa nyama chimakwera mtengo kuposa choyang'ana koimika magalimoto. Mukhoza kutenga chotchipacho, nyama muzikaonera pa makonde a aliyense, alipo angapo.

Mphunzitsi_Atlanta
Njira ina ndi kugawa ulendo. Masiku ambiri mugone ku Pop Century, usiku umodzi kapena uwiri womaliza ku Lodge. Katundu amakusamutsirani okha kuchoka hotela ina kupita ina. Ndipo kudya kapena kungoyenda m'mahotela apamwambawo sikufuna kuti ukhale wogona pomwepo. Mukwere monorail, mutsike pa Polynesian, mukhale pamchenga madzulo muonere makombola tsidya lina la nyanja osalipira kanthu.

KabazaWaLeeds
Koma anthu asanu ndi khanda mu Pop Century sakwana chipinda chimodzi. Chimalola anayi ndi mwana wosakwana zaka 3.

Nachisale_Indy
Tilipo ine, bambo a ana, amayi, ana awiri ndi khandalo. Ndiye kuti zipinda ziwiri?

KabazaWaLeeds
Ziwiri zolumikizana, kapena chipinda chabanja ku Art of Animation kapena All-Star Music, zimenezo zimalola anthu 6 ndipo zili ndi mabafa awiri. Kapena nyumba yonse yalendi kunja, ya khitchini, muziphika nokha nsima. Kwa gulu lotere kunja kumatchipa kwambiri, ndisakunamizeni.

Nangozo
Ndi apongozi m'chipinda chimodzi bambo a anawo samasuka. Mabafa awiri ndi ofunika.

Nachisale_Indy
Mayi Nangozo mwanena zomwe ndimaopa kunena. Ndakambirana ndi bambo a kunyumba. Tikuganiza zochita lendi nyumba kunja masiku ambiri, amayi aziphika zomwe amakonda, kenako usiku womaliza zipinda ziwiri ku Animal Kingdom Lodge ndi chakudya chamadzulo ku Boma. Malume, bandi ija sitiipeza, koma ndikufuna ndikawakhazike amayi pa Grand Floridian ngakhale ola limodzi ngati adzakhale atamaliza kukonza. Malo odyera timabukitsa liti? Ndipo amayi bondo limawavuta, kuyenda tsiku lonse sangathe.

MalumeWaKissimmee
Kubukitsa kumatsegulidwa kutatsala masiku 60, m'mamawa kwambiri, ndipo malo otchuka amatha msanga, ndiye muike alamu. Woimba piyano ku Grand Floridian amakhalapobe, mukafunse nthawi yake pa desiki. Za bondo, pakhomo la paki iliyonse amabwereketsa njinga za olumala ndi zoyendera batire, koma zimenezo sutuluka nazo m'paki. Popeza mugona kunja, bwerekani ku makampani a m'tauni sabata yonse, amakubweretserani pakhomo. Amayi akakana, monga amakanira amayi athu onse, muwauze kuti ndi yonyamulira zikwama ndi madzi a ana, pofika masana adzakhalapo okha. Mwezi wa Juni ndi Julayi kuno kumatentha ndipo masana kumagwa mvula yamabingu pafupifupi tsiku lililonse. Mulowe m'mawa, masana mukapume, mubwererenso dzuwa likapendeka.

Chembere_wa_Dallas
Ku Boma musadzaze mimba ndi nyama. Musiye malo a tizotsekemera totchedwa Zebra Domes, koma muli Amarula pang'ono, ngati amayi ndi a mpingo wosalola muwauziretu.